Fani ya Galimoto ya Apongozi

Kwathu mkamwini amapatsidwa khasu. Ine ndinakwatira ku America, ku Wheaton m'dera la Maryland, kumene munda wa apongozi anga unali kabwalo ka kapinga kongokwana kuyalapo mphasa ziwiri, ndiye m'malo mwa khasu anandipatsa sipanala. Sindinadandaule. Ntchito yanga inali yokonza makina oziziritsa m'nyumba ndi m'maofesi, zitsulo sindinkaziopa, ndipo ndinkaona ngati chikamwini changa chapepuka. Zaka zoyambirira chinapepukadi. Mpopi ukadontha kapena chitseko cha galaja chikakana kukwera, foni inkalira kwathu ku Greenbelt, ndipo Loweruka ndinkanyamula bokosi langa la zipangizo n'kupita.

Apongozi anga aamuna anali Myao wa ku Machinga, munthu wamtali, wosanena chinthu kawiri. Ali mnyamata ankayendetsa malole kwathu, kenako anabwera ku Washington kudzayendetsa galimoto za ofesi ina ya akazembe, ndipo ntchitoyo itatha sanabwerere. Kuyendetsa ndiye kunali moyo wawo. Mmalawi aliyense amene anafika kuno zaka zimenezo, makamaka ife Asilamu, anakatengedwa pabwalo la ndege ndi iwowo. Ine ndemwe, mnyamata wa ku Nkhotakota nditanyamula chikwama chimodzi ndi jekete yosafunda, munthu woyamba kundipatsa moni m'dziko lino anali iwo, tisanadziwe tonse awiri kuti ndidzawatengera mwana.

M'galaja mwawo munkagona galimoto imene anaigula kalekale, nthawi imene eni dziko ankazitaya galimoto zoterezi chifukwa chokonda mafuta. Inali ya ku America konkuno, yopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, yobiriwira, ya zitseko ziwiri, boneti yaitali ngati bedi, injini ya masilinda asanu ndi atatu. Ikalira, makapu m'kabati ankayankha. Azungu achikulire odutsa ndi agalu awo ankaima n'kufunsa ngati ikugulitsidwa, iwo n'kungomwetulira. Sinali galimoto yopitira kogula anyezi. Inali ndi tsiku lake lalikulu, la Idi. Chaka ndi chaka ankavala mkanjo woyera ndi mzuli kumutu, n'kukweza apongozi aakazi, ulendo wa ku swala, mapemphero athu a tsikulo, ndipo tonse tinkadziwa kuti afika tisanawaone n'komwe.

Cha m'ma 2008 mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Poyamba anali makiyi ndi magalasi, zimene aliyense amataya. Kenako mayina a zidzukulu. Kenako tsiku lina anapita kukagula mkaka kusitolo yapafupi, n'kukapezeka ku Takoma Park ataima pambali pa msewu, osadziwa kumene akupita ngakhale kumene achokera. Dokotala sanapite m'mbali, anati asayendetsenso galimoto. Ananena zimenezi kwa mkazi wanga, amene ndi mwana wawo woyamba, m'khonde la chipatala, ndipo mawuwo anathera m'khonde momwemo.

Ndani akanawafikitsa? Mkazi wanga anakulira kuno, Chingerezi chake n'chakuthwa, kuntchito amakalipira mabwana ake osaphethira, koma madzi akumwa amawapatsa bambo ake atagwada. Apongozi aakazi anati iwo pa ukwati wawo wonse sanawalandepo kanthu m'manja, ndipo sayambira kuukalamba. Mwana wamwamuna analibe. Tinaimbira foni kumudzi kwa achimwene aakulu a apongozi aamuna, mwini mbumba, ndipo atamvetsera nkhani yonse anati tiwapempherere. Mapeto ake kagalimoto kawo ka tsiku ndi tsiku anakabwereka mlamu wanga wamng'ono n'kupita nako kusukulu, kubwereka kosabweza, ndipo iwo sanakafunsenso.

Inatsala yobiriwira ija. Koma inali ndi nthenda yake imene tonse tinkaithokoza chamumtima: inkawira. Fani yake, imene imakoka mphepo kudutsa mu rediyeta kuti madzi azizire, inali yachikale yozunguzidwa ndi lamba wa injini, ndipo kachipangizo kapakati kamene kamailimbitsa injini ikatentha kanali katafa. Inkangozungulira mwaulesi, moti ukanatha kuiimitsa ndi nyuzipepala yopinda. Chikhokho chapulasitiki chozinga faniyo chinali chitasweka n'kutsala theka. Pamsewu wopanda zoimaima galimoto inkayenda bwino poti mphepo inkalowa yokha, koma Wheaton ndi dziko la maloboti, ndipo ikaima pa maloboti awiri kapena atatu kamuvi ka kutentha kankakwera kulunjika pofiira. Apongozi ankatha kuiwala dzina la msewu wawo, koma kamuvi kameneko ankakalemekeza. Kakakwera, ankatembenuka n'kubwerera kunyumba injini ikununkha. Choncho sankafika patali, ndipo ife tinkagona tulo.

M'nyengo yotentha ya chaka chotsatira, Ramadhani isanayambe, apongozi aamuna anandiitanira m'galaja. Ndinapeza boneti ili yasa, iwo ataima manja kumbuyo.

"Akamwini," anatero, poti ndi mmene ankandiitanira akafuna kundiseka, "ndimamva kuti mumaziziritsa nyumba za azungu mpaka amavala majuzi m'nyumba. Galimoto imodzi yokha ikukukanikani?"

"Ayi, Baba, singakanike."

"Ndiye Idi ikubwerayi ndikufuna ndipite nayo."

"Inshallah, Baba."

"Inshallah ya Mulungu," anatero akunditsekera boneti, "osati inshallah ya amakaniko."

Pobwerera ku Greenbelt ndinamuuza mkazi wanga. Anangoti khosi tembenu, n'kundiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Musaikonze," anatero. "Don't you dare. Mukufuna akaphe mwana wa eni pamsewu?"

"Ndiye mukawauze ndinu kuti dokotala waletsa."

"Ine ndine mwana wawo. Ndingayambire pati?"

"Nanga ine ndine ndani?"

Ndinapsa mtima njira yonse. Anthu a magazi awo analipo, mkazi wawo, ana awo awiri, achimwene awo kumudzi, onse atakhala chete mwaulemu, ndipo mtolo unagwera ine wobwera, amene kwathu sindikanaloledwa ngakhale kuyankhapo pa mlandu wa nkhuku. Kuwakanira apongozi sindikanatha. Kuikonza kunali kuwapatsa njira yokaphera munthu kapena kudzipha. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, amatero, koma ine ndinaopa, ndipo ndinagwira njakata.

Chimene ndinachita n'chimene munthu wosowa chochita amachita: ndinayamba kusankha. Fani ya galimoto ili ndi nkhani zambiri ukafuna kuzitalikitsa. Ilipo yachikale ngati imene inafayo, ungogula kachipangizo kapakati katsopano ndi chikhokho china. Ilipo ya mapiko ofewa amene amaphwatalala injini ikathamanga, koma imeneyo imalira ngati ndege. Ilipo yamagetsi, ndipo yamagetsi ili pawiri: yokankha, imene imakhala kutsogolo kwa rediyeta, ndi yokoka, imene imakhala kumbuyo, mbali ya injini. Yokoka ndiye imagwira bwino ntchito, koma imafuna malo. Kenako uziganiza ngati ikhale imodzi yaikulu kapena ziwiri zazing'ono, ndiponso ngati olutaneta yakaleyo, imene imapanga magetsi a galimoto, ingakwanitse kuidyetsa moto. Loweruka lililonse ndinkabwera ndi kabuku ka zithunzi kochokera kusitolo ya zitsulo za galimoto ya pa Georgia Avenue, n'kukayala pa boneti, n'kutsegula nkhani imodzi.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti pa nkhani za galimoto mutu wawo unali wathunthu. Munthu amene m'mawa womwewo anali atafunsa mkazi wanga ngati anamaliza sukulu, ankalowetsa dzanja pakati pa rediyeta ndi mphuno ya pampu ya madzi n'kunena kuti, "Zala zinayi. Yonenepa silowa apa, mupeze yopyapyala." Ndikayeza ndi tepi ndinkapeza momwemo. Anakana yokankha, anati itchinga mphepo yaulere ya pamsewu. Anakana ziwiri, anati akazi awiri m'nyumba yopapatiza ndi phokoso, apongozi aakazi ali chapafupi pomwepo akuyanika zovala. Tinkagwirizana pa imodzi yamagetsi, yokoka, yopyapyala, yobwera ndi chikhokho chake. Ndinkati ndikaifunsa kusitolo. Loweruka linalo ndinkapeza ataiwala zonse zimene tinagwirizana, ndipo tinkayambiranso poyamba, zala zinayi, akazi awiri, n'kusekanso nthabwala yomweyo. Ine ndinkalola. Ndinkabwerera kunyumba nthenda yawo itandigwirira ntchito, ndipo ndinkachita manyazi.

Mnzanga wina wa kuntchito, wa ku Lusaka, amene tinkakwera naye limodzi pamadenga a nyumba zazitali kukakonza makina, anandiseka nditamufotokozera.

"Mudala, uvutika na chani?" anatero. "Ika fan yabwino, ba pongozi baone kuti yazunguluka, elo uchose fuse. Vasila."

Ndinamuuza kuti zimenezo, zochotsa fyuzi mobisa kuti fani isalandire moto, n'zoipa kuposa. Panopa mkuluyo amadziwa kuti galimoto yake ikudwala ndipo amaisamala. Ukamuuza kuti yachira, aikhulupirira, alowa nayo msewu waukulu wozungulira mzinda, ndipo ikawirira pakati pa magalimoto othamanga, kutali ndi kwawo. Mnzangayo anakanda m'mutu n'kunena kuti kukwatira kwa Amalawi n'kovuta, ndipo tinapitiriza kumasula chimene tinkamasula.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ramadhani inayamba ndi kutentha koopsa, kutentha kwa kuno konyowa kumene malaya amakumata pamsana. Lachisanu lina, apongozi aakazi ali kubafa, mkuluyo anadzaza madzi m'zigubu za mkaka, kuziika kumbuyo kwa mpando, n'kunyamuka ulendo wa ku mzikiti. Kamuvi katakwera sanatembenuke. Anaima pambali pa University Boulevard, n'kutsegula boneti, n'kugwira chotsekera cha rediyeta ndi kampango. Madzi owira anawapsereza dzanja lamanja mpaka pamkono. Mayi wina wodutsa ndiye anawakhazika pansi pamthunzi n'kuimba nambala yoyamba imene anaipeza mufoni mwawo, ndipo inali yanga.

Kuchipatala ndinawapeza atakhala pabedi, dzanja atalikulunga, akukana madzi ndi mankhwala akumwa poti anali atafunga, kusala kwa Ramadhani. Atandiona sanaoneke ngati munthu wolakwa.

"Lole ikawira pachikweza timaima, timathira madzi, timapitirira," anatero. "Ndachita zimenezi inu musanabadwe. Chotsekera cha galimotoyi ndiye chaliuma."

Ndinangoti, "Eya, Baba." Kunja, m'khonde, mkazi wanga ankalira chamumtima atatsamira khoma. Nthenda ya galimoto imene tinkaidalira inali itasiya kutilondera. Tikaisiya yowira, apita nayo ndi zigubu zawo n'kukapsanso, mwina kumaso. Tikaikonza, apita nayo kutali. Ndinanena zobisa makiyi, mkazi wanga anandikumbutsa kuti bambo ake ankaliza malole ndi waya ine ndisanabadwe. Ndinanena zoigulitsa kwa mmodzi wa azungu a agalu aja, ndipo mawu amenewo ndinawanenera pabalaza la apongozi, mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

Apongozi aakazi anali kukhitchini. Pa zaka zonse za ukwati wanga sanandiuzepo nkhani yolemera maso ndi maso, zonse zinkadzera mwa mwana wawo, monga mwa mwambo. Tsiku limenelo anabwera n'kuima pakhomo la khitchini, nkhope atayang'ana kumbali, n'kulankhula ndi ine.

"Bambo," anatero, "kumugulitsira munthu katundu wake iye ali moyo ndi kumuika m'manda akupuma. Akonzereni. Za pamsewu mwini wake ndi Mulungu. Koma bambo anuwa asamakhalire kupempha mkamwini chinthu chimodzi ngati mwana wopempha switi. Ine zikundichititsa manyazi."

Ndinayang'ana mkazi wanga kuti atsutse. Anayang'ana pansi. Mawa lake ndinapita pa Georgia Avenue n'kukagula fani imene tinali titaisankha kambirimbiri.

Ndinaimanga Loweruka, tonse awiri titafunga, m'galaja motentha ngati mu uvuni. Mkuluyo anakoka mpando wapulasitiki n'kukhala pafupi, tochi kudzanja lamanzere, lamanja lili m'bandeji pachifuwa. Ndinayamba ndi kuchotsa waya wa batire. Kenako ndinamasula mabawuti ogwira fani yakale, ndipo pomasula lomaliza iwo anati ndigwirize ndi dzanja linalo, isagwere pa rediyeta n'kuibowola. Inatuluka yolemera, yamafuta akuda, mapiko achitsulo. Anandiuza kuti ndiwapatse, n'kuiika pamiyendo pawo, pa nsalu yoyera ya zovala zawo, osasamala. Ndinabwezera mabawuti aafupi kuti agwire gudumu la pampu, ndinachotsa theka la chikhokho chosweka lija, n'kutsuka rediyeta imene inali itadzaza tizilombo touma ndi masamba a zaka zambiri.

Fani yatsopano inalowa ndendende, kutsala mpata wongokwana chala chimodzi. M'bokosi mwake munali tizingwe tapulasitiki tobayira kudutsa mu rediyeta momwemo kuti igwire. Atationa anapukusa mutu.

"Rediyeta sabowola ngati khutu la mtsikana," anatero. "Msewu ukagwedeza, tizingwe timeneto tidya chitsulo, madzi ayamba kudontha. Pangani tizitsulo togwirira m'mbali."

Ankanena zoona, ndipo ndinali nditaganiza kale chimodzimodzi. Ndinadula zitsulo zopyapyala, kuzipinda, kuziboola, n'kumangirira chikhokho kuchimango cha rediyeta mbali zonse, pakati n'kuikapo mphira kuti zisamakhulane. Thukuta linkalowa m'maso, kukhosi kuli gwa, ndipo malovu omeza ndinalibe. Kenako mawaya. Waya wonenepa kuchokera ku batire, kudzera pa fyuzi, kupita ku kabokosi kolumikiza moto, n'kukafika pa fani. Kachipangizo komva kutentha ndinakamangira pa injini pafupi ndi pamene paipi yaikulu ya madzi imatulukira, kuti madzi akatentha kaziyatsa fani yokha, akazizira kaziizimitsa. Mawaya onse ndinawaveka, kuwamanga kutali ndi lamba ndi kutali ndi mapaipi a utsi. Manja anga ankagwira ntchito yabwino okha, mtima ukukana.

Chinatsala ndi fyuzi, kanthu kakang'ono ngati chikhadabo. Kanali m'thumba la malaya anga. Ndinaima nditawerama pa injini kwa kanthawi, ndikupukuta sipanala imene inali yoyera kale, mawu a mnzanga wa ku Lusaka akuzungulira m'mutu ngakhale ndinali nditawakana ndekha.

"Akamwini," anatero mkuluyo kumbuyo kwanga, "fyuzi ili m'thumba lanu lakumanzere."

Ndinaitulutsa n'kuiika m'malo mwake. Ndinabwezera waya wa batire, ndinatsegula chitseko cha galaja mpaka m'mwamba, n'kuliza injini. Tinadikira. Galimoto itangoima pamalo amodzi chonchi, kale ikanawira tisanamalize kupatsana moni. Kamuvi kananyamuka pang'onopang'ono, kanafika pakati, kanapitirira pang'ono, kenako kabokosi kaja kanati tcha, fani n'kuyamba kulira. Iwo anaika fani yakale pansi, anang'amba tsamba la nyuzipepala n'kupita kutsogolo kwa galimoto, n'kulitaya patsogolo pa rediyeta. Pepala linakakamira pomwepo, kusonyeza kuti mphepo ikukokedwa kulowa mkati, osati kutuluka. Kamuvi kanatsika n'kukhazikika pakati. Fani inazima, patapita kanthawi inayakanso, kamuvi osasuntha.

Anaseka mokweza, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chiyambire matenda. Anandigwira paphewa ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsiru. Apongozi aakazi anasuzumira pazenera n'kubwerera. Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo ndi manja angawa, palibe imene ndinaigwira bwino chonchija, ndipo palibe imene ndinadana nayo chonchija. Pofutulu, pomasula kusala madzulo ake, madzi oyamba ndinamwa ngati mankhwala.

Masiku otsala a Ramadhani bandeji inawagwira pakhomo, poti ndi dzanja limodzi giya sakanaikwanitsa, koma inachoka Idi isanafike. Ine ndi mkazi wanga tinapangana zopanda mutu. Tinati tiziwatsatira pambuyo ndi galimoto yathu. Tinati ayi, titsogole kuti azitilondola. Mkazi wanga anati amayi ake asakwere nawo, amayi ake anati akwera monga amakwerera chaka chilichonse. Ndinayendetsa ndekha njira ya ku malo a swala, ndikuyang'ana mphambano iliyonse, sukulu, pokwerera basi, malo amene ana amadumpha msewu, ngati kuti kuziona kukanachepetsa kanthu. Popemphera sindinkadziwa chopempha, poti kupempha kuti ntchito ya manja anga ife ndinkaona kuti n'chipongwe.

M'mawa wa Idi tinafika ku Wheaton dzuwa litangotuluka. Dzulo lake mkuluyo anali atandiuza kuti nditsuke galimoto, choncho ndinaitulutsa m'galaja, kuipukuta mpaka inawala, n'kuiimika kutsogolo kwa nyumba itayang'ana kumsewu. Apongozi aakazi anatuluka poyamba atavala zobiriwira zofanana ndi galimoto, n'kukaima pafupi ndi chitseko chawo, chikwama m'manja. Kenako anatuluka mkuluyo, mkanjo woyera wosita bwino, mzuli watsopano, mafuta onunkhira akumveka patali, khungu latsopano la padzanja likuoneka lofiirira. Anatipatsa moni wa Idi mmodzimmodzi ndipo mayina a zidzukulu onse anawatchula molondola. Ndinanjuta n'kuwapatsa makiyi ndi manja awiri. Mkazi wanga anandigwira malaya kumbuyo.

Analandira makiyi n'kuyenda mwachifatse kuzungulira kutsogolo kwa galimoto, akusisita boneti. Anafika mbali yakumanja, pamene akazi awo anaima, anawalambalala mwaulemu, anatsegula chitseko n'kukhala pansi. Anakonza mkanjo pamaondo. Anati bismillah. Kenako anakweza manja onse awiri kutsogolo kuti agwire chiwongolero, ndipo manjawo anagwira mphepo.

Kwathu dalaivala amakhala kumanja. Kuno amakhala kumanzere, ndipo iwo anali atakhala kumanzere zaka zochuluka kuposa zimene anayendetsa malole. Koma m'mawa umenewo thupi lawo linapita ku chitseko cha lole. Ndinaona mapazi awo akufufuza pansi, kufuna zopondera zimene kunalibe. Ndinaona dzanja la makiyi likuyendayenda pa thabwa lakutsogolo, kufuna pobaya. Palibe mmodzi wa ife amene anasuntha.

Anatembenukira kwa ine, nkhope ili yodabwa, yopanda mkwiyo.

"Akamwini," anatero, "chiwongolero mwachichotsanso?"

Ndinapita n'kunjuta pafupi ndi chitseko kuti mutu wanga usakhale pamwamba pa wawo. Mkamwini sauza apongozi ake kuti mwasokonezeka.

"Ayi, Baba," ndinatero. "Sindinachikhudze."

Anayang'ana kutsogolo kwawo kopanda kanthu, kenako pang'onopang'ono anatembenuza mutu kumanzere. Chiwongolero chinali pomwe chinakhalira zaka zonse, chakuda, chosalala m'malo amene manja awo anachidya. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona pankhope pawo pamene anazindikira, ndipo ndikanakonda ndikanayang'ana kumbali. Sanazindikire za mpando zokha. Anayang'ana mwana wawo amene ankalira poyera tsopano, anayang'ana akazi awo, n'kubwerera kwa ine, ndipo ndikukhulupirira kuti anamva nthawi imodzi zonse zimene tinalephera kuwauza chaka chathunthu.

Apongozi aakazi ndiwo anayamba kusuntha. Sananene kuti pamenepo ndi pamalo pawo. Anazungulira kumbuyo kwa galimoto, anatsegula chitseko chakumanzere, anapinda mpando wa dalaivala, n'kudzipanikiza kulowa kumbuyo ndi maondo awo odwala, ngati kuti ndi kumene amakhala chaka chilichonse. Atakhazikika anati, "Tichedwa ku swala."

Mkuluyo sanandipatse makiyi m'manja. Anawaika pampando wopanda munthu wa pambali pawo, n'kutembenukira kuzenera.

"Muyendetse bwino," anatero. "Muli amayi anu kumbuyoku."

Ndinayendetsa ine, mkazi wanga akutitsatira ndi ana. Njira yonse manja awo anali pamaondo, atagwirana. Koma tikamayandikira maloboti ofiira, ndinkaona phazi lawo lakumanja likunyamuka lokha n'kuponda pansi popanda kanthu, nthawi yeniyeni yoyenera kuponda buleki, ine ndisanaponde. Chimenechi n'chimene tonse tinkachifuna, kuti asiye kuyendetsa popanda wina kuwalanda makiyi, ndipo chitachitika panalibe amene anakondwa. Titafika, anthu anamva kulira kwa injini n'kutembenuka monga mwa chaka chilichonse, anzawo achikulire akumwetulira, akubwera kudzatsegula chitseko cha dalaivala kuti awapatse moni, ndipo anapezamo ine.